Wizard akumaliza nkhondo yekha, enawo akungoonerera: tikonze lamulo liti?

Mwale_KU, Kasungu boma

Moni nonse. Funso langa likupita kwa amene mumayendetsa masewero a RPG a patebulo (osewera amakhala ampangankhani a nkhani yopeka, madayisi n'kumagamula zotsatira), makamaka Dungeons & Dragons ya malamulo a 2014. Gulu lathu lili ndi osewera anayi, ine ndiye DM, woyendetsa nkhani ndi adani. Ampangankhani onse ali pa levulo 5: Fighter (wankhondo), Wizard (wamatsenga), Rogue (wozemba) ndi Cleric (wansembe). Dayisi ya mbali 20 tilibe, ndiye paliponse pamene malamulo akufuna d20 timaponya madayisi atatu a Ludo n'kuwonkhetsa. Manambala a mphamvu tidachita kuponya pachiyambi: Wizard adapeza 18 pa Intelligence, Fighter 18 pa Strength, koma Rogue namba yake yaikulu ndi 14 pa Dexterity. Timakumana Loweruka masana, pamakhala nkhondo imodzi, ikatha ampangankhani amagona n'kudzuka ali bwinobwino.

Vuto ndi ili. Wizard akaponya Fireball, spell (tsenga) yake ya moto wophulika, kawiri nkhondo yatha. Fighter ali ndi AC 20 (namba imene mdani ayenera kufika kuti amugunde), palibe chilombo chikumukhudza, koma naye sakupha kanthu chifukwa akamafika adani amakhala atapsa kale. Wa Rogue wayamba kukhalira pa foni. Kodi ndichepetse Fireball kuchoka pa 8d6 (madayisi 8 a mbali 6) kufika pa 5d6? Kapena ndiwapatse enawo zida zamatsenga kuti afananeko? Enanso akuti kulinganiza malamulo n'kosafunika chifukwa osewera sakupikisana okhaokha. Ndithandizeni nzeru.

aPhiri_Kamwendo, Mchinji

A Mwale, Fireball musayikhudze kaye. Chimene chapendeketsa tebulo lanu koyamba ndi madayisi atatu aja.

Pa d20 namba iliyonse ili ndi mwayi wofanana, 5 peresenti. Malamulo onse a 2014 adamangidwa pa zimenezi: +1 aliyense amawonjezera 5 peresenti, ndipo n'chifukwa chake proficiency, namba ya luso imene mpangankhani amawonjezera pa dayisi, imayambira pa +2 n'kuthera pa +6 basi, pa levulo 17. Madayisi atatu a mbali 6 amagwa m'njira 216, koma njirazo zimaunjikana pakati. Namba 10 imatuluka m'njira 27, namba 11 chimodzimodzi, pamene 18 imatuluka m'njira imodzi yokha. Ndiye chimene chili chovuta pang'ono chimasanduka chosatheka, chophweka pang'ono chimasanduka chosalephereka.

Tiyeni tiike pa anthu anu. Goblin, mdani wamng'ono, amamenya ndi +4 wowonjezera pa dayisi. Kuti akhudze AC 20 akufunika 16 kapena kuposa. Pa d20 ndi 25 peresenti, kamodzi pa kanayi. Pa madayisi atatu ndi njira 10 mwa 216, osakwana 5 peresenti. Ogre, chimphona, amamenya ndi +6, akufunika 14: pa d20 ndi 35 peresenti, pa madayisi anu ndi 16. Fighter wanu sakukhudzidwa chifukwa cha masamu amenewa, osati chifukwa cha chishango.

Kumbali ya Wizard, spell save DC yake, namba imene mdani ayenera kufika poponya save kuti azembe spell, ndi 8 kuwonjezera 3 kuwonjezera 4, ndiye 15. Ogre ali ndi -1 pa Dexterity, akufunika 16 kuti azembe theka la moto. Pa d20 amazemba kamodzi pa kanayi, kwa inu pafupifupi kamodzi pa ka 22. Goblin wa +2 akufunika 13: 40 peresenti pa d20, 26 kwa inu. Mwayikulitsa Fireball osasintha ngakhale chilembo chimodzi cha spell yake. Rogue uja naye akuvutika pawiri. Kusiyana kwa +2 ndi +4 pa d20 ndi 10 peresenti, koma pa madayisi atatu, pakati paja, kumafika 24 peresenti: kufuna 11 ndi 50 peresenti, kufuna 9 ndi 74.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Tolani zitsekerero za mabotolo 20 za mtundu umodzi, zosapindika, mulembe manambala 1 mpaka 20 mkati mwake ndi cholembera cha maka. Muziike m'kathumba ka nsalu kosaonekera mkati. Wosewera apise dzanja, atulutse chimodzi, awerenge, ndipo achibwezere asanatole wina. Kubwezerako ndiye mutu wa nkhani. Mukapanda kubweza, anthu ayamba kuwerengera zimene zatsala, ndipo 20 akatuluka aliyense adziwa kuti sabweranso. Chitsekerero chikapindika sinthani, chifukwa zala zimaphunzira msanga. Pa advantage tolani, bwezani, sakanizani, tolaninso, mutenge namba yaikulu. Makhadi nawo amagwira ntchito, ofiira 1 mpaka 10, akuda 11 mpaka 20, koma makhadi pakhonde anthu odutsa amaona ngati njuga, ndiye zitsekerero zili bwino.

Madayisi enawo mutha kuwapanga ndi dayisi ya Ludo ndi ndalama yachitsulo. Pa d4 ponyani dayisi, ikagwa 5 kapena 6 bwerezani. Pa d8 chitani ngati d4, ndalama ikagwera mbali imene mwagwirizana onjezani 4. Pa d10 bwerezani ikagwa 6, ndalama iwonjezere 5. Pa d12 dayisi imodzi, ndalama iwonjezere 6. Musaponye madayisi awiri m'malo mwa d12, mubwezeretsa vuto lomwe lija la kuunjikana pakati.

Nabanda_Santhe, Kasungu

A Phiri anena zoona pa madayisi, koma achimwene a Mwale, ngakhale mutapeza d20 yeniyeni mawa, Wizard apitiriza kulamulira ngati nkhondo ikhala imodzi pa tsiku. Apa ndiye pagona nkhani.

Masewerowa ali ndi mitundu iwiri ya mphamvu. Ina ndi yaikulu koma yotha, ina ndi yapakati koma yosatha. Wizard wa levulo 5 ali ndi ma slot (mipata yoponyera spell) anayi a levulo 1, atatu a levulo 2, awiri a levulo 3. Fireball imadya slot ya levulo 3, ndiye ali nazo ziwiri, ndipo yachitatu atha kuibweza kamodzi pa tsiku ndi Arcane Recovery akapuma pang'ono. Fireball imodzi ya 8d6 imapereka 28 mukatenga pakatikati, kwa aliyense amene ali mkati mwa mafiti 20 kuchokera pophulikira, kumene kuli ngati mamita 6 mbali zonse. Adani atatu akalephera kuzemba ndi 84 pa kuponya kumodzi. Ma slot akatha amatsala ndi Fire Bolt, spell yosadya slot, ya 2d10, pakatikati 11, ndipo ikamagunda 65 peresenti ya nthawi imatsika kufika pa 7.

Fighter wa lupanga la 1d8 ndi +4 amapereka 8.5 akagunda. Pa levulo 5 amamenya kawiri, ndiye pa 65 peresenti yomweyo ndi 11 pa raundi (raundi imatha aliyense akachita turn, nthawi yake, kamodzi). Nkhondo ikakhala ya maraundi atatu, iye wapereka 33, Wizard wapitirira 150. Koma tsiku likakhala ndi nkhondo zisanu ndi imodzi, maraundi 18, Fighter afika pafupifupi 200 osatopa, ndipo mphamvu zake zapadera, Action Surge ndi Second Wind, zimamubwerera pa short rest iliyonse ya ola limodzi. Wizard akuyenera kusankha kuti Fireball zake zitatu aziponye pa nkhondo ziti, zinazo adutse ndi timoto tating'ono. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la malangizo a DM, imanena kuti gulu likhoza kupirira nkhondo 6 mpaka 8 zapakati kapena zovutirapo pa tsiku limodzi la m'nkhani, ndi ma short rest awiri. Inu mukupereka imodzi. Wizard akudya ndiwo za sabata yonse pa nsima imodzi, podziwa kuti mawa mphika udzazanso.

Sindikunena kuti muzichita nkhondo 8 Loweruka limodzi, nthawi singalole. Chofunika n'kulekanitsa tsiku lanu lokumana ndi tsiku la m'nkhani. Kutha kwa masewero a Loweruka sikutanthauza kuti ampangankhani agona. Mukamatseka, aliyense alembe HP yake (mapointi a moyo), ma slot otsala ndi hit dice zotsala (madayisi obwezera HP popuma), ndi bolopeni, m'kope limodzi limene DM amasunga. Sabata yotsatira muyambire pomwepo. Tsiku limodzi la m'nkhani litha kutenga Maloweruka atatu.

Ngati nkhani yanu ndi ya maulendo ataliatali, pamene nkhondo zitatu pa tsiku limodzi sizimveka, buku lomwelo lili ndi njira ina yotchedwa Gritty Realism: short rest imakhala maola 8, long rest, kupuma kobweza ma slot onse, masiku 7. Imagwira bwino, koma dziwani chimene imawononga. Ma spell a nthawi yoikika, monga Mage Armor ya maola 8, amachepa mphamvu kwambiri chifukwa slot imodzi ikuphimba kachigawo kochepa ka nthawi yapakati pa ma long rest awiri. Gwirizanani pasadakhale ngati muwatalikitse. Njira yapakati ndi kunena kuti long rest imatheka pamalo otetezeka pokha, m'mudzi kapena m'linga, osati kutchire.

Ikaninso chowathamangitsa m'nkhani. Ogwidwa awoloketsedwa mtsinje mawa mbandakucha, kapena mvula yoyamba ikagwa mlatho ukokoloka. Popanda chotero osewera anzeru apuma pambuyo pa nkhondo iliyonse, ndipo sakulakwa.

Chomaliza ndi kaimikidwe ka adani. Musawaunjike. Ena akhale ndi mauta patali, ena atuluke pa raundi yachitatu Fireball itapita kale, ena alowe pakati pa osewera kuti moto ukagwa utenthe onse, pokhapokha Wizard wanu ali wa nthambi ya matsenga ya Evocation, amene Sculpt Spells imamulola kupatula anzake. Ndipo spell imeneyi imanena yokha kuti imayatsa zinthu zosachedwa kupsa zimene munthu sanavale kapena kunyamula. Ikani nkhondo pakati pa zigafa zodzaza fodya wouma, nkhokwe ili pambali, nyumba zofolera udzu zili kuseri. Wizard akhoza kuponyabe, koma adzayankha kwa eni mudzi. Pamenepo simunamulande kanthu, mwangomupatsa chosankha chenicheni.

Chamama_DM, Kasungu

Ndikugwirizana ndi achemwali a Nabanda pa za kupuma, koma ndikufuna kukoka nkhaniyi ku funso lachitatu la a Mwale, lakuti kulinganiza n'kofunika kapena ayi. Amene akuti osewera sapikisana akunena theka la zoona. Sapikisana pa kupambana, koma amagawana chinthu chimodzi chochepa, maola aja a Loweruka masana. Malamulo akapendekera kwa munthu mmodzi, zosankha za enawo zimasiya kusintha kanthu. Wa Rogue sakukhalira pa foni chifukwa manambala ake ndi ochepa. Wazindikira kuti kaya abisale kaya athamange, mathero ake ndi amodzimodzi. Kwa ine malamulo olinganizidwa ndi amene amachititsa kuti aliyense akaganiza bwino pa nthawi yake, nkhani ikhote.

Kufananitsa manambala okha kudayesedwapo. Dungeons & Dragons yoyamba ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ya 1974, idalinganiza potengera nthawi: wamatsenga ankayamba ndi spell imodzi pa tsiku, ndipo ankafunika XP (mapointi okwerera levulo) 2,500 kuti afike levulo 2, pamene wankhondo ankafunika 2,000 ndipo Cleric 1,500. Wamatsenga ankavutika poyamba n'kudzalamulira kumapeto. Edition yachinayi ya 2008 idapita kumbali ina: mu Player's Handbook yake yoyamba class iliyonse (Fighter, Wizard ndi ena otero) idapatsidwa mphamvu zokonzedwa mofanana, zina za nthawi iliyonse, zina kamodzi pa nkhondo, zina kamodzi pa tsiku. Masamu adakhala bwino, koma ambiri adadandaula kuti ma class akumveka ngati amodzi, ndipo ochuluka adasamukira ku Pathfinder ya Paizo, imene idatuluka mu 2009 itamangidwa pa malamulo akale a 3.5. Ndiye cholinga chanu chisakhale chakuti Rogue azipereka 28 ngati Fireball.

Yambani ndi kuona ngati mukumupatsa zimene malamulo adamupatsa kale. Sneak Attack, madayisi amene Rogue amawonjezera akagunda, pa levulo 5 ndi 3d6, kamodzi pa turn. Ma DM ambiri amaganiza kuti Rogue ayenera kubisala kaye. Ayi. Akufunika chida cha finesse (monga lupanga lopepuka la rapier) kapena choponyera patali, ndipo akhale ndi advantage, kapena mnzake akhale mkati mwa mafiti 5 kuchokera kwa mdaniyo, bola iye asakhale ndi disadvantage. Fighter akaima pafupi ndi ogre, Rogue ali ndi Sneak Attack raundi iliyonse. Ndi rapier ndi +2 yake ija akagunda ndi 17, atakhala ndi +4 ndi 19. Alinso ndi Cunning Action yomuthandiza kubisala kapena kuthawa, ndi Uncanny Dodge imene imadula pakati chivulazo chimodzi pa raundi.

Manambala oponyedwa aja akonzeni. Aloleni onse amange mwatsopano ndi 15, 14, 13, 12, 10, 8, kapena ndi point buy, kugula manambala ndi mapointi 27, kenako awonjezere za mtundu wa mpangankhani ndi za levulo 4. Ngati ena akukana kutsika, njira yosapweteka ndi kulola aliyense kutenga mndandanda wa amene adaponya bwino kuposa onse. Gulu lonse likhala lamphamvu, koma mphamvu ya gulu lonse DM amaikonza mosavuta powonjezera adani. Kusiyana pakati pa osewera ndiye kovuta, chifukwa chilombo chimene chikuvutitsa wamphamvu chimapha wofooka.

Kunja kwa nkhondo nako yang'anani. Rogue ali ndi Expertise, proficiency yake imakhala +6 pa maluso awiri. Ngati m'nkhani mulibe loko, msampha, mlonda woti amuzembe kapena kalata yoti ibedwe, mwamulanda theka la class yake. Samalaninso ndi Wizard wa Knock (yotsegula loko) ndi Invisibility (yosaoneka), chifukwa ma slot akakhala osatha amagwira ntchito ya Rogue kuposa mwini wake. Apa vuto la kupuma lija labweranso.

Poyeza, tengani pepala, mulembe maina anayi. Nthawi iliyonse imene chosankha cha wosewera chasintha zinthu, kaya ndi nkhondo, kukambirana ndi mfumu kapena kutulukira njira, chongani pa dzina lake. Chitani Maloweruka atatu. Wina akakhala ndi 12 wina 2, mwadziwa woti mumukonzere gawo sabata yotsatira.

Mwale_KU, Kasungu boma

Zikomo nonse, zitsekerero ndi kope ndiyamba nazo. Mafunso awiri otsala. Ndikaika chilombo chimodzi chachikulu m'malo mwa tating'ono tambiri, Fireball sichepa mphamvu yokha? Komanso tili ndi lamulo lathu lakuti woponya 1 pomenya amagwetsa chida kapena kudzivulaza. Tikasamukira ku manambala 20 tilisunge?

aPhiri_Kamwendo, Mchinji

Lamulo la 1 lija lichotseni, achimwene. Pa madayisi atatu mwina munkalimangirira pa 3, imene imatuluka kamodzi pa 216, ndiye silinkaoneka. Pa d20 ndi kamodzi pa 20. Fighter womenya kawiri adzakumana nalo pafupifupi 10 peresenti ya maraundi ake, ndipo pa levulo 11, akamamenya katatu, 14 peresenti. Akamakula luso ndi pamene akugwetsa lupanga kawirikawiri. Wizard woponya Fireball saponya d20 n'komwe, amaponya ndi adani, ndiye chilangochi sichimufika. Lamulo lililonse lapakhomo muzilifunsa funso limeneli: ndani amaponya dayisi imeneyi kambiri? Ameneyo ndiye lidzamugwera.

Chilombo chimodzi chimachepetsadi Fireball, koma chimabweretsa vuto lina. Osewera anayi ali ndi ma turn anayi, icho chili ndi imodzi. Troll ali ndi HP 84 ndi AC 15. Gulu lanu likamuunjikira limapereka 40 kapena kuposa pa raundi, ndipo moto umamuletsa kubweza HP 10 zake zija. Pa raundi yachiwiri kapena yachitatu wagwa. Spell imodzi yomugwira akalephera save, nkhondo yatha asanachite kanthu. N'chifukwa chake zilombo zazikulu za m'buku zimapatsidwa Legendary Actions, kuti zizichita kanthu pakati pa ma turn a osewera, ndi Legendary Resistance yozilola kupambana save imene zalephera, kawirikawiri katatu pa tsiku.

Powerengera kuvuta kwa nkhondo gwiritsani ntchito tebulo la XP la 2014. Pa levulo 5 wosewera mmodzi: Easy 250, Medium 500, Hard 750, Deadly 1,100. Kwa anayi ndi 1,000, 2,000, 3,000 ndi 4,400. Wonkhetsani XP ya adani, muchulukitse potengera chiwerengero chawo: mmodzi ndi 1, awiri ndi 1.5, atatu mpaka 6 ndi 2, 7 mpaka 10 ndi 2.5. Troll yekha ndi 1,800, sakufika n'komwe pa Medium. Ma ogre atatu a 450 ndi 1,350, kuchulukitsa ndi 2 ndi 2,700, Medium yolimba. Anayi ndi 3,600, Hard. Tsiku lonse la m'nkhani limayerekezedwa pa 3,500 wosewera aliyense, 14,000 kwa gulu lanu. Malamulo a 2024 adachotsa kuchulukitsa kuja ndipo ali ndi tebulo lawo, musasakanize awiriwa. Manambalawa ndi poyambira chabe, sadziwa ngati adani ali pamwamba pa chulu kapena osewera adzidzimutsidwa.

Kaphatikizidwe kamene kamapatsa aliyense ntchito ndi aka: wamkulu mmodzi woti Fighter amutchinge ndipo Rogue amubaye, ang'onoang'ono anayi kapena asanu omwazikana oti Wizard athane nawo, ndi chinthu chimodzi chosafuna kupha, monga chitseko choti chitsegulidwe maraundi anayi asanathe.

Nabanda_Santhe, Kasungu

Pa zida zamatsenga zimene mudafunsa poyamba: dikirani. Mukasintha madayisi, kupuma ndi manambala a mphamvu, tebulo lisintha kale kwambiri, ndipo Fighter ayamba kuvulala koyamba. Mukawonjezera lupanga la +2 pamwamba pake simudziwa chimene chagwira ntchito. Sinthani chimodzi, sewerani katatu, onani pepala la a Chamama lija, kenako chotsatira. Madayisi akhale oyamba chifukwa amakhudza zonse. Chida mukadzapereka, chikhale chotsegula njira yatsopano, monga chingwe chokwera chokha kapena nsapato zosamveka mdidi, osati chongokweza namba. Chishango cha +1 pa AC 20 ndiye musayese, goblin atsika kuchoka pa 25 kufika pa 20 peresenti ndipo mudzakakamizika kubweretsa zilombo zimene Wizard wa HP yosakwana 35 sangazipirire.

Muuzeni wa Wizard zonsezi masewero asanayambe, pamaso pa anzake, ndi manambala a a Phiri ali papepala. Sadabere, wasewera bwino malamulo amene adapatsidwa. Mulolenso kusintha ma spell awiri kapena atatu, popeza adawasankha akuyembekezera nkhondo imodzi pa tsiku.

Mbewe_Mkanda, Mchinji

Kungowonjezera kwa amene ali ndi madayisi a Ludo okha ndipo sakufuna za zitsekerero: pali masewero omangidwa pa madayisi awiri a mbali 6 kuyambira pachiyambi, otsatira Apocalypse World ya Vincent Baker ya 2010. Mumaponya awiri n'kuwonjezera namba yanu. 10 kapena kuposa mwapambana, 7 mpaka 9 mwapambana koma pali cholipira, 6 kutsika zavuta. Wopanda chowonjezera amalephera m'njira 15 mwa 36, wa +1 m'njira 10, wa +2 m'njira 6, wa +3 m'njira 3. Wa +4 amalephera m'njira imodzi yokha mwa 36, n'chifukwa chake manambala a mphamvu kumeneko amalekezera pa +3. Mukamalemba malamulo anuanu pa madayisi awiri, ikani malire omwewo, ndipo zowonjezera za chida, za thandizo la mnzanu ndi za malo zisaunjikane kupitirira +1 pa kuponya kumodzi.